Batire likumaphwa usiku galimoto ili chiimire, ndiyambe kuyeza pati?

Sienta_wa_Bangwe:
Akuluakulu muli bwanji pagulu pano. Ndili ndi Sienta yomwe ndimayendetsa ngati taxi pakati pa Limbe ndi Bangwe ndipo yandisowetsa mtendere. Masana ikuyenda bwinobwino, ndikathimitsa pa siteji imalira kamodzi kokha, koma ikagona usiku mmawa kumangomveka tcheke tcheke magetsi a pa dashibodi akuwala mofooka mpaka ndikadzutse neba kuti andijampe, paja ndi automatic yokankha palibe. Batire ndi latsopano la mwezi wathawu. Ndinapita kwa wa zamagetsi wina anangotsegula boneti nkuyang'ana nkuti alitaneta yapita gulani ina, sanayeze kalikonse, ndipo mtengo wa alitaneta masiku ano mukuudziwa nokha. Mlamu wanga amene amaika ma solar wandibwereka mita yake ija ya manambala koma sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Chonde amene mumazitsata ndithandizeni.

Bongo_Chirimba:
Zophweka izo amwene. Lizani galimoto kenako chotsani terminal imodzi pa batire, ikathima ndi alitaneta, ikapitiriza kulira alitaneta ilibwino. Zamamita nkutaya nthawi.

Madala_Auto_Ndirande:
A Sienta chonde musapange zimenezo. Batire ndi lomwe limagwira moto wa alitaneta kuti usamalumphelumphe, ndiye mukalichotsa injini ikulira ma volts amatha kukwera mwadzidzidzi nkuotcha kompyuta ya galimoto, wailesi ngakhale ma diode a alitaneta yomweyo. Mukhoza kuononga chinthu chomwe chinali chamoyo pofuna kudziwa ngati chili chamoyo.

Tengani mita yanuyo. Chingwe chakuda lowetsani pabowo lolembedwa COM, chofiira pabowo lomwe pali V. Ka knob tembenuzirani pa V yomwe pamwamba pake pali kamzere kowongoka ndi timadontho, osati ya kamzere kokhotakhota, ndipo ngati mita yanu ili ndi manambala osankha ikani pa 20. Chofiira gwiritsani pa plus, chakuda pa minus, ndipo gwirani pamutu weniweni wa batire pa mtovu paja osati pa chingwe. Muyeze katatu. Koyamba madzulo mukaimika galimoto ndipo yapuma kwa ola limodzi, batire lodzadza limaonetsa cha mma 12.6, likakhala 12.2 ndiye kuti lili pa theka. Kachiwiri mmawa musanaikhudze. Kachitatu injini ikulira, pamenepo tikufuna tione pakati pa 13.8 ndi 14.4, kenako muyatse ma headlamp ndi fani ndi wailesi muone ngati nambalayo ikugwa kufika pansi pa 13. Bwerani ndi manambala amenewo tikambirane.

Bongo_Chirimba:
Madala ine ndakhala ndikuchotsa terminal kuyambira kalekale palibe chomwe chinapsa.

Madala_Auto_Ndirande:
Munkachotsa pa galimoto zanji achimwene? Ma Bongo akale ndi ma Datsun a kabuleta munalibe kompyuta, zinkapirira. Izi zikulowa pa Songwe ndi pa Mwanza masiku anozi ngakhale giya ikuyendetsedwa ndi kompyuta. Komanso njira yanuyo siuza munthu zoona zonse, alitaneta yofooka imatha kusunga injini ikulira koma ikulephera kudzadza batire.

Nachisale_Passo:
Ndikutsatira nawo, yanga imandichitanso zomwezi nthawi ya chiperoni.

Sienta_wa_Bangwe:
Madala ndayeza monga munanenera. Dzulo madzulo 12.5, lero mmawa 11.8, nditajampa injini ikulira 14.1, nditayatsa zonse 13.9. Ndiye zikutanthauza chani?

Madala_Auto_Ndirande:
Zikutanthauza kuti ndalama ya alitaneta isungeni kaye, ikutchaja. Motowo ukutha usiku, ndiye pali ziwiri, mwina batire lenilenilo silikusunga moto kapena pali chinthu chomwe chikudya moto galimoto itathimitsidwa. Kuti musiyanitse, usiku uno chotsani terminal ya minus mugone. Mmawa mukapeza batire likadali cha mma 12.4 kapena 12.5 ndiye kuti batire lilibe mlandu, wakuba ali mgalimotomo.

Eng_Zingwangwa:
Ndiwonjezere pa zomwe anena madala, chifukwa mutha kumugwira wakubayo lero lomwe osadikira mawa. Mita yomweyo imayeza ma amps koma kalumikizidwe kake ndi kosiyana ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amaotcha mita za eni. Chingwe chofiira chichoke pa V chipite pabowo lolembedwa 10A, knob nayo pa 10A ya DC. Thimitsani zonse, chotsani kiyi, ngati ndi kiyi wa batani uja mukamusiye mnyumba kutali ndi galimoto chifukwa akakhala pafupi galimoto simagona. Masulani terminal ya minus, chingwe chimodzi cha mita chigwire mutu wa batire china chigwire terminal mwamasulayo, kuti moto wonse wotuluka mu batire udutse mkati mwa mita. Musayerekeze kugwiritsa plus ndi minus nthawi imodzi mita ili pa 10A, imeneyo ndi shoti, fyuzi ya mkati mwa mita iphulika pomwepo. Musalizenso injini kapena kuyatsa ma headlamp mita ili pamenepo, sitata imakoka ma amps oposa 100.

Mukangolumikiza nambala imayamba yokwera chifukwa makompyuta adzuka, musathamange, dikirani mphindi 20 kapena 30 igwe yokha. Galimoto yabwinobwino ikagona imadya osaposa 0.05A, zokwanira kusunga wotchi ndi memory ya wailesi basi. Mukaona 0.3 kapena 1 kapena kuposa apo, yambani kuzula mafyuzi imodziimodzi maso ali pa mita, fyuzi yomwe mukaizula nambala nkugwa ndiye njira yomwe motowo ukuthawira. Mabokosi a mafyuzi ndi awiri, la mu boneti ndi la mkati pansi pa dashibodi, ndiye poti chitseko chikhala chotsegula panikizani ka switch ka pachitseko ndi tepi kuti galimoto iziona ngati mwatseka apo bii babu la mkati likusokonezani. Jambulani bokosilo pafoni musanazule kuti fyuzi iliyonse ibwerere pamalo pake. Mukamaliza bwezani chingwe chofiira pa V nthawi yomweyo.

Nachisale_Passo:
Mwandikumbutsa za Passo yoyamba yomwe ndinali nayo. Inabwera ndi wailesi ya ku Japan ija yolekezera pa 90 FM ndiye mawayilesi ambiri sinkagwira, ndinakaikitsa ina kwa anyamata ena mu Limbe. Kuyambira pamenepo ndikaisiya Loweruka ndi Lamulungu, Lolemba sinkalira. Amene anadzapeza vuto anandionetsa kuti kuseri kwa wailesi kuli waya wachikasu yemwe amayenera kukhala ndi moto nthawi zonse ndi wofiira yemwe amayenera kulandira moto pokhapokha kiyi akatembenuzidwa, koma anyamata aja anawamanga pamodzi onse awiri pa moto wa nthawi zonse ndiye wailesi sinkathima kwenikweni ngakhale skirini ikhale yakuda. Achimwene a Sienta, munaikitsapo chinthu chatsopano mgalimotomo?

Sienta_wa_Bangwe:
Achemwali muli amplifaya pansi pa mpando ndi tracker yomwe anaikitsa mwini wake woyamba.

Freed_Machinjiri:
Poti mwatchula mawailesi a ku Japan, alipo amene amadziwa kusintha chilankhulo pa skirini ya Honda Freed? Yanga ikungolankhula Chijapani mmawa uliwonse.

Kabaza_Mbayani:
Zambiri sizisinthika zimenezo bwana, anthu amangogula ya Android nkuchotsa yakaleyo. Ngati vuto ndi masiteshoni okha pali ka band expander komangirira pa waya wa eriyo.

Freed_Machinjiri:
Ka expander ndinaika koma manambala amaoneka osiyana ndi a siteshoni yeniyeni.

Kabaza_Mbayani:
Ndi momwe kamagwirira ntchito, kamatsitsa siteshoni kuti ikwane mu 76 mpaka 90 ya wailesiyo. Sungani mu memory basi.

Madala_Auto_Ndirande:
Tibwerere kwa a Sienta. Pali chinthu chimodzi chomwe sindikufuna tichiiwale, alitaneta ikhoza kutchaja 14 bwinobwino masana nkumabanso moto usiku. Mkati mwake muli ma diode omwe amalola moto kupita mbali imodzi yokha, imodzi ikaphulika moto umabwerera kuchoka ku batire kulowa mu alitaneta galimoto itaima. Ndiye mukazula mafyuzi ang'onoang'ono onse nambala osagwa, chotsani kaye minus, masulani waya wamkulu wa kuseri kwa alitaneta uja wa nati, mukulungeni tepi asakhudze chitsulo, nkuyezanso. Njira ina injini ikulira ikani mita pa V ya kamzere kokhotakhota muyeze pa batire, ikaonetsa kuposa 0.5 diode yapita. Nthawi zina mmawa mukagwira alitaneta mumaipeza yofunda pomwe injini yazizira usiku wonse.

Hiace_Mibawa:
Ine mita sindimaikhulupirira akulu. Pa minibasi yanga headlamp ya kumanzere sinkayaka, mnyamata wina anayeza ndi mita pa soketi nkuti 12 ilipo ndiye babu lapsa, tinagula babu, osayaka, tinagulanso lina osayaka. Anabwera mkulu wina ndi tesita ya babu ija yooneka ngati sikuludiraiva, atagwiritsa pa soketi yomweyo kababu kake kanangofiira pang'ono basi, nkutsata waya mpaka anapeza pomwe panadyeka ndi dzimbiri. Tesita yotchipa inaposa mita.

Eng_Zingwangwa:
Bwana a Hiace mita sinaname, mnyamatayo ndi amene anayeza babu atalichotsa. Mita simakoka moto pafupifupi konse, ndiye ngakhale waya atatsala ndi kaulusi kamodzi kokha ka kopa kapena akhale ndi dzimbiri idzaonetsabe 12. Zili ngati paipi ya madzi yomwe yatsekeka ndi matope mkati, mpopi uli wotseka mphamvu imaoneka kuti ilipo koma mukatsegula amangodontha. Babu la headlamp ndi la 55W kapena 60W, limafuna ma amps pafupifupi 5, pamenepo ndi pomwe waya wodwala amaonekera. Ndiye lamulo lake ndi loti yezani chinthucho chili cholumikizidwa komanso choyatsidwa. Babu likhale mmalo mwake, switch ikhale yoyatsa, chingwe chimodzi cha mita pa plus ya batire china pa waya wobweretsa moto kuseri kwa soketi. Nambala yomwe ikuoneka ndi ma volts omwe akutayika panjira, ikuyenera kukhala yochepa osaposa 0.5. Mukaona 3 kapena 6 ndiye kuti pakati apo pali fyuzi yomasuka, relay (ka switch koyatsidwa ndi moto) yakupsa mkati kapena cholumikizira cha dzimbiri, muzisuntha chingwe cha mita kubwerera chakubatire mpaka mutapeza malo omwe nambala ikusinthira. Mupangenso chimodzimodzi mbali ya ethi, komwe moto umabwerera ku batire, kuchokera pa minus ya batire kufika pa waya wa ethi wa babulo, kumeneko tikufuna 0.2 kutsika. Pa Toyota waya wa ethi nthawi zambiri ndi woyera wa kamzere kakuda.

Hiace_Mibawa:
Ndiye mukuvomereza kuti tesita ndi yabwino.

Eng_Zingwangwa:
Ndi yabwino kwambiri pa mafyuzi, magetsi, hutala, ma wiper, ndipo imafulumira. Fyuzi yaing'ono ija ili ndi tizitsulo tiwiri toonekera pamsana, mumangogwiritsa uku ndi uku osaizula, ikayaka mbali imodzi yokha yapsa. Koma simakuuzani kusiyana kwa 12.6 ndi 11.9, ndipo isayandikire mawaya a kompyuta ndi a ma sensor chifukwa ambiri amayendera 5V ndipo babu limakoka moto woposa womwe kompyuta ingapereke. Zolumikizira zachikasu ndi za airbag, zimenezo musazikhudze ndi tesita ngakhale ndi mita.

Madala_Auto_Ndirande:
Ndipo leka kubaya mawaya ndi nsonga ya tesita, ndikunena anyamata anga omwe ali pagulu pano. Kabowo kameneko kamalowa madzi, mvula ikadutsa kopa amasanduka wobiriwira mkati mwa chikopa ndipo kunja simungaone. Yezani kuseri kwa cholumikizira.

Nachisale_Passo:
Madala nanga za ine za chiperoni zija? Juni ndi Julayi mmawa imalira movutikira koma nthawi yotentha ilibe vuto.

Madala_Auto_Ndirande:
Mayi kuzizira kumafooketsa batire komanso oilo amalimba ndiye sitata imafuna mphamvu zambiri, batire lomwe layamba kukalamba limaonekera nthawi imeneyi. Ikani mita pa batire wina azilize inu mukuyang'ana, nambala isagwe kupitirira 9.6 pomwe sitata ikuzungulira. Ikagwa kufika 8 kapena 7 batire litadzadzidwa ndiye latha ntchito. Ikakhala pa 11 koma sitata ikuzungulirabe mwaulesi vuto si batire, yang'anani ma terminal ngati ali ndi ufa woyera uja ndi chingwe chachikulu cha ethi chochoka pa injini kupita ku bodi. Ufawo umachoka ndi madzi ofunda ndi soda, kenako pakani girisi pang'ono mutamanga.

Probox_Chilobwe:
Nkhani ya madzi ija ndi yoona. Kuno kwathu namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023 galimoto zambiri zinalowa madzi ndi matope, zina zinalira bwinobwino zitauma koma patapita miyezi zinayamba misala, mawindo kutsika okha, ma indiketa kuyaka ukaponda buleki. Tikatsegula pansi pa kapeti timapeza zolumikizira zonse zobiriwira. Amene mukugula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito mu Blantyre muno tukulani kapeti muone.

Kabaza_Mbayani:
Indiketa kuyaka ukaponda buleki imeneyo ndi ethi ya magetsi a kumbuyo, moto ukusowa pobwerera ndiye ukudzera mu babu lina.

Probox_Chilobwe:
Eya ndi momwemo. Onjezani makoswe, galimoto yoima pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga amatafuna mawaya a pamwamba pa injini chifukwa pamakhala pofunda.

Mphunzi_wa_Garaja:
Pepani ndilowerere ndi funso langa, ndikuphunzira kumene ntchito. Pali Vitz ikumaotcha fyuzi ya magetsi a kumbuyo, tikaika ina ikupsa nthawi yomweyo. Abwana anga akuti tiike ya 30 mmalo mwa 10 kapena timange kawaya.

Madala_Auto_Ndirande:
Mwana wanga uwauze abwana akowo mwaulemu kuti galimoto ya kasitomala ipsa. Fyuzi anaiika kuti izipsa iyo mmalo mwa waya, waya wa magetsi a kumbuyo ndi wowonda sangapirire ma amps 30, asungunuka mkati mwa mtolo nkuotcha anzake. Yofiira ndi 10, ya buluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30, pomwe panali yofiira pabwerere yofiira. Kuti usamalize mafyuzi panga chonchi, tenga babu la 21W la buleki, lumikiza mawaya awiri, uwalowetse mmabowo momwe mumalowa miyendo ya fyuzi. Ukayatsa switch babulo liwala kwambiri chifukwa shoti ikadalipo, koma palibe chomwe chipse poti babulo ndi lomwe likuletsa moto wambiri kudutsa. Ndiye uzimasula zolumikizira chimodzichimodzi ndi kugwedeza mtolo wa mawaya, pomwe babu lithime kapena kuzilala shoti ili pamenepo. Pa galimoto za chitseko cha kumbuyo ngati Vitz yamba ndi mawaya odutsa mu ka labala ka pa hinji ndi babu la nambala puleti, amathyoka ndi kutsegulatsegula.

Mphunzi_wa_Garaja:
Zikomo madala. Nanga relay mumaiyeza bwanji?

Eng_Zingwangwa:
Yachangu ndi kusinthanitsa ndi ina yofanana nambala, monga ya hutala. Ndi mita, ikani pa ohms muyeze miyendo ya koilo, pa relay zambiri ndi 85 ndi 86, pa za Toyota analemba 1 ndi 2, muyenera kupeza cha pakati pa 50 ndi 120. Kenako perekani 12V pa miyendo imeneyo imveke tcheke ndipo muyeze pakati pa 30 ndi 87, kapena 3 ndi 5 pa Toyota, pakhale pafupifupi 0. Kulira kokha sikokwanira, relay imatha kulira mkati mutapserera. Ndipo ohms amayezedwa chinthu chitachotsedwa pa moto nthawi zonse.

Sienta_wa_Bangwe:
Akuluakulu ndayeza ma amps aja. Nditadikira nambala inaima pa 1.8. Ndazula mafyuzi onse a mabokosi awiri sinagwe, ndinatsala pang'ono kumasula alitaneta monga ananenera madala koma ndinaona waya wina wofiira wonenepa wochoka pa plus ya batire penipeni wokhala ndi fyuzi yakeyake yaikulu. Nditazula imeneyo yagwa kufika 0.04. Wayayo akupita ku amplifaya ndipo nditasuzumira pansi pa mpando ka LED kake kanali kakuyaka kiyi ali mthumba.

Eng_Zingwangwa:
Ndi ameneyo. 1.8A kwa maola 10 ndi 18Ah, pomwe batire la Sienta ndi la cha mma 45Ah ndipo ndi maulendo afupiafupi a Limbe Bangwe olizaliza aja silimadzadza nkomwe, nchifukwa chake usiku umodzi ukukwanira. Pa amplifaya pali pomangirira patatu, 12V, GND ndi REM. REM ndi amene amaiuza kuti iyake, amayenera kuchokera pa waya wa buluu wa kamzere koyera wa kuseri kwa wailesi. Yezani pa REM kiyi atachotsedwa, mukapeza 12 ndiye kuti woikayo anadumphitsa kawaya kuchokera pa 12V kupita pa REM. Mukapeza 0 koma iyo ikuyakabe ndiye amplifayayo yawonongeka mkati. Tracker yanu ilibe vuto, ili mkati mwa 0.04 imeneyo.

Bongo_Chirimba:
Chabwino ndaona, alitaneta ikanagulidwa ulele.

Madala_Auto_Ndirande:
A Sienta musadalire alitaneta kuti idzadze batire lomwe laphwa kangapo, kalisiyeni pa tchaja usiku wonse pa moto wochepa, likapuma muyeze ngati likusunga 12.6 ndipo mupange zoyeza poliza zija ndinawauza a Nachisale. Batire la galimoto likamaphwa mobwerezabwereza limafooka ngakhale likhale latsopano, ndiye risiti isungeni.

Canter_Lunzu:
Manambala onsewa ndi chimodzimodzi pa lole? Yanga ili ndi mabatire awiri.

Madala_Auto_Ndirande:
Ngati plus ya limodzi yamangidwa ku minus ya linzake ndiye ndi ya 24V, manambala muwachulukitse kawiri, itaima cha mma 25 ndipo ikulira pakati pa 27.5 ndi 28.8, mita muike pa 200 chifukwa 20 siikwana. Tesita ya 12V babu lake lipsa, gulani ya 24. Muyezenso batire lililonse palokha, akasiyana kwambiri fufuzani ngati wina sanatenge 12V ya wailesi kapena ya tchaja ya foni pa batire limodzi, zimenezo zimapha limodzilo msanga ndipo linzake limatchajidwa mopitirira. Pamafunika ka converter kotsitsa 24 kufika 12.

Canter_Lunzu:
Wailesi yanga inatengedwadi pa limodzi. Ndikayeza mawa ndisanapite kokatenga njerwa ndidzaika manambala pano.